Dzina pa Mkono wa Khanda

Wapolisi atalowa m'shopu mwathu, ine n'kuti ndili ndi mapini pakamwa, ndikupinda m'munsi mwa diresi ya kasitomala. Mpaka lero sindidziwa kuti zinatheka bwanji kuti ndisawameze.

Shopuyo ndi ya achemwali anga. Iwo ndiye telala weniweni, amene akangokuyang'ana kamodzi amadziwiratu kuti nsalu ikufunika yochuluka bwanji. Ine ntchito yanga ndi kusita, kusokerera mabatani, ndi kukangana ndi makasitomala amene amanenepa pakati pa tsiku loyeza ndi tsiku lodzatenga chovala, n'kumati olakwa ndife. Achemwali amanditcha Wailesi, ati sindizima. Iwo ndi munthu wa mawu ochepa. Tsiku lonse umangomva makina, kenako kasizasi kawo kodulira ulusi, kamene amakavala m'khosi pa chingwe ngati mkanda.

Wapolisiyo anali mzimayi wathupi, wa nkhope yotopa, foni ili m'manja. Anatipatsa moni bwinobwino, kenako anatchula dzina la achemwali. Analitchula lonse, ndi lapakati lomwe, lija achemwali amadana nalo moti ngakhale alamu, amuna awo, sayerekeza kulitchula. Anatchulanso tsiku lawo lobadwa ndi nambala ya chiphaso chawo, osaphonya ndi pamodzi pomwe.

"Ndine," anatero achemwali, phazi likadali pa makina.

"Mayi, ndatumidwa kuti ndidzakufunseni. Mwana wanu mwamusiyiranji kuchipatala?"

Makina anaima. Kasitomala uja, amene anali ataimirira pa kampando manja ali m'mwamba, anawatsitsa pang'onopang'ono. Ine ndinalavulira mapini m'dzanja.

"Mwana wake uti?" ndinafunsa ineyo, chifukwa achemwali anali atangoti kukamwa yasa.

Kuti mumvetse kulemera kwa funso la wapolisiyo, mudziwe kuti achemwali akhala pabanja zaka zambiri popanda mwana. Anthu anena zonse zimene anthu amanena. Apongozi awo anasiya kufunsa, anangoyamba kuusa moyo mokweza akaona ana a eni. Ndiye m'shopu mwathu muli lamulo limodzi limene palibe analinenapo ndi pakamwa: sitisoka zovala za makanda. Mayi akabwera ndi kansalu kofewa, ndimamuchingamira pakhomo pomwepo n'kumunamiza kuti makina athu amatafuna tinsalu ting'onoting'ono, apite kwa telala wa kuseri. Achemwali amamva, koma sadzutsa mutu.

Wapolisi uja anafotokoza akuwerenga pa foni yake. Pa chipatala china cholipira, kutsidya kwa tauni, panabwera mayi woyembekezera matenda atayamba masiku asanakwane. Anapereka chiphaso cha dzina la achemwali ndi khadi la inshulansi ya zachipatala ya kuntchito kwa alamu. Anamuchita opaleshoni, mwana wamkazi n'kubadwa, wochepa kwambiri moti anamuika m'kabokosi kagalasi kofunditsiramo makanda. Mayiyo atangotha kuyenda yekha, anatuluka ngati akupita kukaothera dzuwa, ndipo sanabwererenso. Kutaya mwana ndi mlandu, ndipo m'mabuku a chipatala wotaya mwanayo ndi achemwali anga.

Ndinayang'ana pamimba pa achemwali, ngati kuti mwina mimba inadutsa ine osaiona, pamene timakhala m'chipinda chimodzi tsiku ndi tsiku, mawondo kugundana.

"Amayi apolisi, tawayang'anani munthuyu," ndinatero. "Ameneyu akuoneka wochokera ku opaleshoni? Sabata yonseyi tinali pano, tikusoka mayunifomu a kwaya."

"Maso anga si umboni, mayi. Ine ndili ndi dzina, nambala ndi mwana wopanda womuyamwitsa. Ndipo ndikuuzeni, a chipatala atalephera kukupezani pa nambala imene inalembedwa, anaimbira amuna anu. Yawo ndiye inalowa."

Asanatseke pakamwa pomwe, foni ya achemwali inayamba kulira pa tebulo lodulira nsalu.

Alamu amagwira ntchito kukampani yomanga misewu kunja kwa dziko. Anachoka chaka chatha chisanafike pakati, ndipo sanabwerepo. Aliyense m'shopumo, kasitomala yemwe, anawerenga miyezi mumtima nthawi imodzi. Achemwali anayankha, chala n'kukhudza pokweza mawu mwangozi, tonse tinamva.

"Ndalandira foni kuti ndine bambo," anatero alamu. Mawu awo anali ozizira, osakweza n'komwe. "Akuti zikomo, mwana ndi wamkazi. Tandiuza iwe, mwanayo ndinamutumiza pa foni?"

"Bambo, si ine," anatero achemwali. "Sindikudziwa chilichonse."

"Khadi langa lili ndi ndani?"

"Lili m'chikwama mwangamu."

"Ndiye linayenda lokha kupita kuchipatala?"

Ine magazi anawira. Ndinalanda foni ija. "Alamu, ndine. Munthuyu ndimamuyeza m'chiuno mwezi ndi mwezi, chifukwa masitayilo atsopano timayesera pa iyeyo. Chiuno chake sichinasinthe. Mimba anaibisa kuti, m'kabati?"

"Iwe ndiwe mng'ono wake, unganenenso chiyani?" anatero alamu, n'kudula.

Ndinakhala ndi foni m'manja ngati chitsiru. Kunena zoona, alamu ndi munthu wabwino, amene ankanditumizira za sukulu bambo athu atamwalira, ndipo sindinaganizepo kuti angatilankhule choncho. Koma tangoganizani, munthu uli kutali, fumbi lili mbuu, wina n'kukuimbira kuti zikomo mwabereka. Achemwali sanalire. Anangokhala, manja pa maondo, akuyang'ana singano ya makina.

Wapolisi anakhala pa benchi ya makasitomala, mawu ake n'kufewa pang'ono. Anati ngati zili choncho, dokotala adzawayeza n'kutsimikiza, koma padakali funso limene bwana wake adzafunsa: munthu wachilendo anapeza bwanji nambala ya chiphaso, nambala ya khadi, ndi foni ya mwamuna wawo, zonse pamodzi? Munatayapo chikwama? Munabwerekapo wina? Munasiyapo fotokope penapake? Achemwali ankangopukusa mutu. Koma pa funso lomalizalo ndinaona makutu awo akusuntha, monga amachitira akadula nsalu ya munthu molakwika.

Kasitomala tinamuvula diresi ya mapini ija, anachoka nkhani ikumuyabwa pakamwa. Wapolisi anati tikafike kupolisi masana. Titatsala awiri, ndinatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Achemwali, ine si wapolisi. Fotokope munasiya kuti?"

Kenako anayamba kulankhula akuyang'ana pansi. Masiku aja ankati akupita kukasaka nsalu kwa amwenye a kumsika waukulu, n'kubwera chimanjamanja akuti mitundu yabwino yatha, sankapita kumsika. Ankapita ku kiliniki ina yothandiza amayi amene akuvutika kutenga pakati. Tsiku loyamba a pakauntala anajambula chiphaso chawo mbali zonse, khadi la inshulansi, n'kulemba foni ya alamu ngati wachibale wapafupi. Alamu sankadziwa. Iwo amati za madokotala oterowo asamve, mwana adzabwera nthawi yake ikakwana.

"Ndiye ine?" ndinatero. "Ine amene ndimakuuzani ngakhale za zibwenzi zanga zopanda pake zija?"

"Iwe ndiwe Wailesi," anatero, osaseka.

Zinandipweteka, sindinama. Koma zinali zisanathe. Miyezi ingapo yapitayo, analandira uthenga pa foni wochokera ku kilinikiko. Unkati akuba analowa m'makompyuta awo n'kutenga zambiri za odwala, ndipo aliyense apite akauzidwe zochita. Tsiku limenelo apongozi awo anali kunyumba, anabwera kudzacheza, ndipo mayi amene uja foni ya munthu amaitola ngati yake, ati akufuna aone zithunzi za mwana wake. Achemwali atangoona dzina la kiliniki pamwamba pa uthenga, anaufufuta asanaumalize n'komwe.

"Ndinaopa dzina la kiliniki," anatero. "Zimene ankanenazo sindinaziope. Ndinkati atenga chiyani, nambala? Nambala angaidye?"

Ndinafuna kukalipa, kuwauza kuti wakutsina khutu ndi mnansi, kuti uthenga umene uja unali kuwatsina khutu. Koma nditaona mmene anakhalira, mapewa atagwa, ndinameza mawu. Madzi akatayika saoleka. Ndinangotenga chikwama chawo n'kuwapatsa, ndikuti tiyeni.

Tinayambira ku kiliniki konko. Ndi malo aukhondo, a mipando yofewa ndi maluwa apulasitiki, ndipo amayi amene anali pamzere aliyense ankayang'ana nsapato zake. Mkulu wa pamalopo, bambo wa tayi yopyapyala, anatilowetsa mu ofesi yake n'kutseka chitseko mofulumira atangomva mawu akuti polisi.

"Ife tinatumiza uthenga kwa aliyense, mayi," anatero. "Mbali yathu tinachita."

"Uthenga umodzi?" ndinatero. "Munthu akachedwa kulipira mumamuimbira kangati?"

Anakonza tayi. Kenako anavomera zimene sindinkayembekezera. Achemwali sanali oyamba. Mayi wina anapeza kuti pali malaini a foni olembetsedwa m'dzina lake amene akubera anthu. Wina anauzidwa ku famasi kuti mankhwala ake a chaka chonse anatenga kale. Akubawo amasindikiza makhadi ndi ziphaso zabodza, dzina ndi nambala zenizeni koma chithunzi cha munthu wina, n'kumagulitsa kwa anthu amene ali pa mavuto. Ankalankhula ngati akunena za nyengo. Ine ndinkangoona achemwali anga atadulidwa tizidutswa ngati nsalu, kachidutswa aka kali m'thumba mwa uyu, aka mwa uyo, m'tauni monse.

Sindinatuluke mpaka atalemba kalata yovomera kuti zinthu za achemwali zinali m'gulu la zobedwazo, n'kudindapo. Anati ibwera mawa. Ndinati tigona pa mipando yofewayo. Inatuluka nthawi yomweyo.

Masiku otsatira shopu inali yotseka, ife tili pa mizere. Kupolisi tinalembetsa kuti dzina labedwa, anatipatsa pepala la nambala ya mlandu, ndipo pepala limenelo ndi limene linkatsegula pakamwa pa anthu a m'maofesi ena onse. Ku ofesi ya ziphaso anaika chizindikiro pa nambala ya achemwali kuti aliyense woigwiritsa ntchito azifunsidwa kawiri. Kukampani ya mafoni tinapempha kuti atiuze malaini onse olembetsedwa pa chiphaso chawo. Mtsikana wa pakauntala anatembenuza kompyuta kuti tione. Achemwali ali ndi laini imodzi chiyambire, koma pamenepo panali ena owonjezera amene sitinawaonepo. Anagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Ndiye kuti kunjaku kuli anthu akuyankha foni kuti ndi ine?" anafunsa.

"Tiwatseka pompano, mayi," anatero mtsikanayo.

Kubanki ndinawakakamiza kusintha nambala yachinsinsi, ndipo apo m'pamene ndinadziwa kuti nambala yawo inali chaka chawo chobadwa, chomwe chija wapolisi anatiwerengera m'shopu. Ya pa foni inalinso yomweyo. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana kudenga. Yanga ndinakasintha mwakachetechete tsiku lomwelo, musandifunse kuti inali chiyani. Paliponse pamene ankafuna fotokope, ndinkatenga cholembera n'kulemba modutsa pa nkhope ya achemwali kuti pepalali ndi la ofesi yakuti, tsiku lakuti, ntchito yakuti basi, monga anatilangizira wapolisi uja. Bambo wina wa pakauntala anadandaula kuti ndaipitsa chithunzi. Ndinamuuza kuti chokongola chija n'chimene chinatibalira mwana.

Chinatsala chinali khadi la inshulansi. Mwini wake ndi alamu, ndipo a inshulansi anati sangalitseke n'kupereka nambala ina popanda iwo kuvomereza, komanso ayenera kudziwa kumene linabedwera. Panalibe pothawira. Tinakhala pa khonde la ofesiyo, achemwali anaimba. Ndinafuna kusuntha kuti ndiwapatse mpata, koma anandigwira siketi.

Anawauza zonse: za kiliniki, za masiku a nsalu aja, za jakisoni, za uthenga wofufutidwa. Kumbali inayo tinkangomva magalimoto akuluakulu akudutsa.

"Unkapita wekha?" anafunsa alamu pamapeto pake.

"Ndekha."

"Ulendo uliwonse?"

"Munati za madokotala zimenezo musamve, bambo."

Kenako alamu anatsokomola, chifuwa chija amuna amatsokomola akafuna kubisa zina. Anati awatumizire nambala ya a inshulansi, aimba pompo. Anatinso apempha tchuthi. Mawu akuti pepa sanatuluke tsiku limenelo, koma asanadule anati, "Umuuze Wailesi kuti ndinalankhula molakwa." Ndinayankha mokweza kuti ndamva, ndipo ndiganizira.

Ndiye linafika tsiku lopita kuchipatala chija. Wapolisi wathu anali kutidikira pachipata. Dokotala anatenga achemwali kuseri kwa katani, ine ndinatsala panja ndikuluma zikhadabo, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe zimene apeze. Sanachedwe. Pamimba panalibe chipsera, ndipo thupi lawo silinaberekepo.

Ndinkaganiza kuti pamenepo ndidumpha ndi chimwemwe. Koma anatilowetsa m'kaofesi ka namwino wamkulu wa wodi ya makanda, wapolisi n'kutulutsa pepala la mawu amene achemwali ayenera kusainira. Anati lamulo limafuna kuti aliwerenge mokweza pamaso pa mboni. Achemwali anaimirira, pepala m'manja, ngati mwana wa sukulu.

"Ine, mwini dzina ili, ndikutsimikiza kuti mwana amene ali m'chipatala muno si wanga. Sindinakhalepo ndi pakati. Sindinaberekepo mwana, wamoyo kapena wakufa."

Mawu amenewo anthu akhala akuwanena kumbali zaka zonsezi, pa maukwati, pa maliro, pa mzere wa madzi. Achemwali anali asanawatulutsepo pakamwa pawo. Tsopano anawanena okha, pamaso pa anthu achilendo, kuti apulumuke, ndipo anayenera kuthokoza kuti ndi oona. Ine ndinayang'ana kalendala ya pakhoma, misozi ili chuchuchu. Iwo anasaina, wapolisi n'kunena kuti mlandu wawachoka.

Namwino uja, mayi wachikulire wa magalasi, anawayang'anitsitsa achemwali. "Mayi wa mwanayo sakufanana nanu ngakhale pang'ono," anatero. "Anali kamtsikana, kang'ono kuposa mng'ono wanuyu. Kanabwera kokha, magazi akutuluka, panalibe nthawi yofunsa zambiri. Tikaitana dzina lanuli sikankatembenuka, mpaka titaitana kawiri. Ife tinkati ndi ululu." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Tsiku limene a ku ofesi anati abwera kudzaonanso khadi, kanakhala pa bokosi la mwana m'mawa wonse. Masana sitinakaonenso."

Masiku onsewa ndinali nditamukonzera mawu wakubayo, mawu oti akawamva asadzabenso. Ndinkamuona ngati chimzimayi cha mawigi ndi zikhadabo zazitali. Namwino atatha kulankhula, mawu anga aja anasowa wowalandira.

"Chatsala chimodzi," anatero namwino. "Kachibangili ka pamkono pa mwana kali ndi dzina lanu. Tikachotse, tilembe kena. Inu mukhoza kumapita."

"Ndingamuone?" anatero achemwali.

Ndinawagwira mkono. "Achemwali, tiyeni tizipita."

"Ndingamuone?" anabwereza, osandiyang'ana.

Anativeka zophimba kukamwa, tinasamba m'manja mpaka m'zigongono. M'chipindamo munali motentha, makina akulira pang'onopang'ono. Bokosi lake linali la pakona. Sindinaonepo munthu wochepa choncho. Khungu lake linali lopyapyala, nthiti zikukwera ndi kutsika mofulumira, ndipo anamuveka chipewa choluka chachikulu chimene chinkamugwera m'maso. Kupatula thewera ndi chipewacho, analibe kanthu. Pa kamkono kake, kochepa ngati chala changa chachikulu, panali kachibangili kapulasitiki. Ndinawerenga ndi maso angawa: mwana wa, kenako dzina la achemwali, lonse, ndi lapakati lomwe.

Achemwali anaima pamenepo osaphethira. Ndikuganiza kuti anawerenga kachibangili kaja kangapo. Zaka zonse zija za jakisoni ndi mapemphero ankafuna kudzaona mawu amenewo pa mkono wa khanda, ndipo anali pamenepo, olembedwa bwino, opanda cholakwika.

Namwino anapapasa m'matumba, anatsegula dirowa, n'kudandaula kuti sizasi ya m'wodi muno imayenda yokha. Anati adikire akabwereke kwina. Achemwali anapisa dzanja m'khosi mwa bulauzi n'kutulutsa kasizasi kawo ka ulusi.

"Kangathe aka?"

Namwino anakayang'ana, anakapukuta ndi thonje la mankhwala, n'kutsegula kazenera ka bokosi. Anafuna kukalandira, koma achemwali sanakasiye. Analowetsa okha manja. Anaika chala pansi pa kachibangili kuti chitsulo chisakhudze khungu, monga amachitira akamadula ulusi pa nsalu yodula mtengo ya mkwatibwi. Kanangoti tse. Mwana sanadzuke n'komwe.

Namwino anatenga kachibangili katsopano n'kulemba: wamkazi, mayi osadziwika. Kakale kaja anapatsa wapolisi, kuti ndi umboni. Achemwali anakatsatira ndi maso mpaka kanalowa mu envelopu.

M'basi sitinalankhulane. Ine, Wailesi, ndinazima. Dzina lawo linali litabwerera lonse, maofesi onse atadinda, koma sindinaonepo munthu wolandira katundu wake wobedwa ali ndi nkhope ngati imene ija.

M'mawa mwake ndinafika kushopu nthawi yanga ya masiku onse, ndinapeza chitseko chili chotsegula kale, makina akulira. Achemwali anali atakhuthula thumba la zidutswa pa tebulo n'kusankha zofewa zokhazokha, zija timaika mkati mwa madiresi a maukwati. Pambali pawo panali timalaya tiwiri tomanga ndi zingwe kutsogolo, topanda mabatani oti n'kukanda munthu, misoko yonse ili kunja. Kalikonse kakanakwana pa dzanja langa. Panalinso kachipewa.

"Muyezo munautenga liti?" ndinafunsa.

"Ndinamuona," anatero.

Ndinakhala pansi n'kuyatsa ayironi, chifukwa sindinadziwe china chochita. Kenako ndinawaona akutsegula kachitini kamene timasungamo timalebulo ta shopu, tinsalu tija tolembedwa dzina lawo timene timasokerera kukhosi kwa chovala chilichonse chotuluka muno. Anatenga kamodzi n'kukayala pa kamalaya.

"Achemwali!" ndinatero. "Tatha nsapato m'tauni muno kuchotsa dzina lanu paliponse. Dzulo lomweli mwalidula nokha pa mkono wa mwanayo. Mukufuna kulibwezeranso?"

Ananyowetsa ulusi ndi milomo, n'kuulowetsa pa singano kamodzi kokha.

"Lija anachita kuba," anatero. "Ili ndikumupatsa ndekha."

Anakasokerera kunja kwa kamalayako, kuti kasamukande pakhosi. Atamaliza anadula ulusi, n'kundipatsa kuti ndisite.